Ndidziwa bwanji version ya pulogalamu yathu yomwe ili pa seva iliyonse?

Moni nonse akuluakulu. Pano zandikanika, ndithandizeniko.

Tili ndi maseva a Ubuntu 22.04 omwe timawayendetsa ndi Ansible, chida chotumizira mapulogalamu ndi zosintha ku maseva ambiri nthawi imodzi. Vuto ndi loti playbook (mndandanda wa ntchito zomwe Ansible imachita) ikafera panjira, maseva ena amalandira version yatsopano, ena amatsalira pa yakale, ndipo palibe chotiuza msanga kuti otsalirawo ndi ati.

Ndinayesa kulemba git tag (dzina la version mu Git) mu fayilo ya .fact mu /etc/ansible/facts.d, koma ansible_local (momwe Ansible imasunga zomwe yawerenga mu fayiloyo) imandionetsabe nambala yakale mpaka nditasonkhanitsanso ma facts (zomwe Ansible imawerenga zokhudza seva). Choipa kwambiri, fayiloyo imasintha service ya pulogalamuyo isanadzukenso, ndiye nthawi zina imanama. Za spreadsheet musanene n'komwe, anthu amaiwala kulembamo.

Kodi anzanga mumasunga pati version kuti muone maseva onse nthawi imodzi? Kapena ndibwino pulogalamuyo izidzinenera yokha pa adiresi ngati /version?