Dzenje logwira madzi a mvula yoyamba likule bwanji?

Wa ku Ntcheu:
Abale a kuno ku Joni ndithandizeni nzeru. Ndimagwira pa galaja ina ku Bertrams, bwalo lake ndi la konkire, 600 square metres. Chaka chatha chizimalupsa chitagwa madzi anatuluka pageti ali bii, oyilo akunyezimira pamwamba ngati utawaleza, onse kukalowa mu dileni ya pamsewu, maneba kulalata. Pano abwana akuti ndikumbe dzenje logwira madzi amenewo koma saizi sakunena. Ndiyambire pati?

Pulambala wa ku Turffontein:
Achimwene mvula yonse simungaigwire, ya kuno imabwera masana ndi mabingu ngati wina akukhuthula ndowa. Gwirani yoyambirirayo basi, ndi imene imakokolola nyansi zaunjikana nyengo yonse yopanda mvula kuyambira May. Samu yake ndi iyi, mvula ya 1 mm pa square metre imodzi ndi lita imodzi. Ku America ambiri amawerengera theka la inchi, ngati 13 mm. Ndiye 600 kutayimusa 13 ndi 7800, chotsanipo pang'ono ongonyowetsa konkire, tinene malita 7000. Dzenje la mamita 2 kwa 2.5, kuya 1.5, lakwana.

Mai awiri:
Samuyo ndi yoona koma mwasiya chachikulu akulu. Ife pa car wash yomwe ndinkagwira tinakumba bwinobwino koma opanda popatutsira madzi dzenje likadzadza, itagwa ya matalala mu December madzi analowa ndi mphamvu nkuvundula matope ndi girizi yense tinasunga uja, zonse kubwerera pamsewu, ndalama ya simenti kungopita choncho. Ikani kakhoma polowera kuti likadzadza otsalawo azilambalala. Paipi yotulukira iyang'ane pansi pamadzi, oyilo amayandama ndiye atsala mkati. Komanso madzi a padenga asalowemo, akudzadzirani dzenje pachabe.

Wa ku Ntcheu:
Eee za denga sindinaganizeko, magata onse amathira pabwalo pomwepo.

Pulambala wa ku Turffontein:
Asunthe amenewo, olo muwalozetse mu thanki ya JoJo muzitsukira magalimoto. Ndipo dzenjelo muzilipopa, likakhala lodzadza mvula ya mawa ilibe polowa. Madileni a pamsewu sapita kokatsukidwa ayi, a ku Bertrams amagwera mu mtsinje wa Jukskei, kudutsa ku Alexandra mpaka damu la Hartbeespoort kuja kwadzadza namasupuni ngati mu Shire. Musanalumikize paipi ku msewu abwana anuwo akafunse kaye ku bungwe la misewu la Johannesburg Roads Agency, madileniwo ndi awo.

Mai awiri:
Ndipo kasefa ka waya polowera musaiwale. Jacaranda akayamba kuyoyoka mu November muona nokha.