Fulashi ndi shutter yochedwa pojambula ovina usiku

Funso: Akuluakulu, ndimajambula maukwati usiku, koma fulashi ikawala, ovina amaoneka bwino pomwe kumbuyo kwawo kumangoti bii. Ndichite chiyani kuti magetsi a m'holo azionekanso?

Yankho loyamba: Achimwene, chedwetsani shutter, kachitseko ka m'kamera kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe, mpaka 1/15 kapena 1/8 ya sekondi. Fulashi imawala kanthawi kochepa kwambiri, choncho imaimitsa wovina pachithunzi, pomwe shutter ikakhala chitsegukire imalowetsa kuwala kwa m'holomo.

Yankho lachiwiri: Musankhenso rear-curtain sync, imene pa makamera a Canon imatchedwa second-curtain. Mukasankha imeneyi, fulashi imawala shutter itatsala pang'ono kutseka, motero mizere ya kuwala imatsalira kumbuyo kwa wovina, osati kutsogolo kwake.

Yankho lachitatu: Ine sindichedwetsa kupitirira 1/4 ya sekondi popanda tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, chifukwa m'holo yowala nkhope ya mkwatibwi imatuluka pawiri.