Mudzi wa ku France kumene kunachokera ansembe a ku Nzama ndi uti?

Mdzukulu wa ku Nzama

Moni nonse. Agogo anga aakazi ndi a Katolika enieni a ku Nzama ku Ntcheu kuno, ndiye nthawi zonse amakonda kunena kuti azibambo a Montfort amene anatsegula mishoni yathu mu 1901 kwawo kwenikweni kunali kumudzi ngati ife tomwe, osati ku Paris ayi. Ine ndimangoyankha kuti eya agogo koma mumtima ndimati mwina akungokometsa nkhani. Alipo amene akuudziwa mudziwo? Dzina lake, ndiye kuli chiyani kumeneko, ndikufuna ndikawafotokozere bwinobwino akadali moyo, maso ayamba kuvuta koma makutu ali bwino.

Wa sukulu ku Nantes

Achimwene agogowo akunena zoona, musamawatsutse. Malowo ndi Saint-Laurent-sur-Sèvre, m'chigawo cha Vendée, kufupi ndi tawuni ya Cholet. Ine ndinapitako chaka chatha ndi anzanga a ku parishi, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera ku Nantes. Ndi kamudzi ndithu, anthu masauzande owerengeka, kali m'mbali mwa mtsinje wa Sèvre Nantaise, mukangotuluka pang'ono mwayamba kale kuona ng'ombe zikudya msipu. Koma chimene chinandidabwitsa ndi kuchuluka kwa matchalitchi pa malo aang'ono chonchi, kulikonse ukayang'ana pali nsanja ya belu, uku kwa masisiteri, uku kwa abulazala a Saint Gabriel, pakati basilika yaikulu ya miyala.

Mkati mwa basilikamo ndimo muli manda a Louis-Marie Grignion de Montfort, wansembe amene anayambitsa chipani cha azibambo a Montfort, ndipo pambali pomwepo pagona Marie-Louise Trichet, sisiteri woyamba wa Daughters of Wisdom. Tinapeza agogo ena achizungu atagwada pamenepo kolona m'manja, phee, ife tinangogwada nawo, m'kati mozizira mpaka mawondo kuwawa. Ndinaganiza za mayi anga kwathu ku Balaka amene amatchula dzina limeneli tsiku lililonse koma pamandapo sanafikepo, misozi inalengeza ndithu.

Mphunzitsi wopuma

Mwafotokoza bwino mwana wanga, ndingowonjezera pang'ono poti ambiri amasokoneza. Montfort sanabadwire kumeneko ayi. Anabadwa mu 1673 ku Montfort-sur-Meu, kufupi ndi Rennes, ndiye dzina la Montfort ndi la kwawo kumene anabatizidwa. Ku Saint-Laurent anangopita kukalalikira mishoni monga ankachitira m'midzi yonse ya kumeneko, woyenda pansi, wosauka, ndiye matenda anamugwira ali pa ntchito yomweyo nkumwalira pa 28 April 1716 ali ndi zaka 43 zokha. Anthu anamuika momwemo m'tchalitchi cha pamudzipo. Manda amenewo ndi amene anakoka ena onse, Marie-Louise Trichet anafika ndi masisiteri ake mu 1720, ansembe nawo anadzamanga likulu lawo pomwepo. Mwaonatu, pakanapanda maliro amenewo bwenzi lero palibe amene akuutchula mudziwu.

Ndiye pali nkhani ina imene ine imandikhudza kwambiri. Nthawi ya French Revolution, pamene anthu anagwetsa ufumu ku France, dera la Vendée linaona zoopsa, kuyambira 1793 anthu wamba a m'midzi anaukira boma latsopano, china chifukwa cholanda anyamata kupita ku usilikali china chifukwa chozunza ansembe awo, ndipo asilikali a boma anabwera kudzatentha midzi ndi kupha anthu osasankha. M'chipwirikiti chimenecho zolemba za Montfort zinabisidwa m'bokosi, zitabwerera kunyumba ya ansembe zinangokhala pakati pa mabuku akale osadziwika kuti ndi chiyani, mpaka mu 1842 wansembe wina anazitulukira konko ku Saint-Laurent. Ndi buku lija la kudzipereka kwenikweni kwa Maria Virigo limene a Legio amaligwiritsa ntchito mpaka pano. Tangoganizani, zaka zoposa 120 mwini wake atamwalira, mapepala ali chigonere.

Za ku Nzama, amene anafika mu 1901 anali atatu, Bambo Bourget, Bambo Prézeau ndi Bambo Winnen. Masisiteri anatsatira mu 1904.

Mayi wa Legio

Zikomo aphunzitsi, ine za bokosilo ndimamva lero. Chimene ndimadziwa nchoti Papa Yohane Paulo wachiwiri, yemwe uja anabwera kuno mu 1989 ife tikuvina ndi zitenje zathu, mawu ake aja oti Totus Tuus, kutanthauza kuti ndine wanu kwathunthu, anawatenga kwa Montfort, ndipo mu 1996 anapita yekha kukapemphera pa manda amenewo ku Saint-Laurent. Papa wathunthu kupita kumudzi! Mwana wanga wa ku Nzama iwe, agogowo ukawauze zimenezi, ndipo ukhale nawo pansi uwafunse mayina a ansembe amene iwo anawaona ndi maso, ulembe mu kope, ife a kwathu anapita nazo zonse sitinalembe kanthu.

Mdzukulu wa ku Nzama

Mwandithandiza kwambiri nonse, Loweruka ndikupita kumudzi ndikawawerengera zonsezi. Achimwene a ku Nantes, ngati munajambula chithunzi cha mandawo ndi mtsinje uja chonde ponyani pano, ndikachikulitsa pa foni kuti agogo aone ngakhale pang'ono.