Mnyamata wanga wa pachigayo akuti m'makutu mukulira

Mwini chigayo, Chibavi: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mnyamata amene amayendetsa chigayo changa akudandaula kuti m'makutu mwake mukulira ngati nyenje, makamaka akagona usiku. Masana ukamuitana uli kumbuyo kwake, satembenuka. Ndinamuuza kuti aziika thonje koma palibe chasintha. Ndi wolimbikira, sindikufuna aonongeke ndili kuona.

Wowotcherera, Luwinga: Thonje musalidalire achimwene, phokoso limangodutsa. Mugulireni zotsekera m'makutu za siponji zija, azizipota kaye kenako n'kulowetsa bwino. Ife sitigwira galainda popanda zimenezo.

Wazachipatala, Katoto: Bambo, musachedwe nayo nkhaniyi. M'katikati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya, ndito timatumiza mawu ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Ubongo ukaona kuti mauthenga ochokera kukhutu achepa, umawonjezera mphamvu yomvetsera, mpaka maselo ake amayamba kugunda okha popanda mawu alionse kunja. Kulira akumvako n'kumeneko. N'chifukwa chake kumakula usiku kukakhala zii. Chimayamba kutayika ndi mawu opyapyala, cha pa 4000 Hz (Hz ndi muyezo wa kupyapyala kwa mawu), ndiye munthu amamva kuti mukulankhula koma mawu sakuwagwira. Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo; malire ake ndi madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo akangokwera ndi 3, nthawi yokhalamo itsike ndi theka.

Mwini chigayo, Chibavi: Nanga madesibelowo ndiwadziwa bwanji, poti ndilibe choyezera?

Wazachipatala, Katoto: Imani naye patali ngati mita imodzi chigayo chikulira. Ngati mukuchita kukuwa kuti amve, phokosolo lafika poopsa. Mufunseninso ngati wamwa kwinini kapena aspirin wambiri, nazonso zimaliza makutu. Apite ku Mzuzu Central akamuone, mwina mulinso phula lotseka. Usiku aziyatsa wailesi motsitsa kwambiri, kulirako kumabisika.

Mayi wa chigayo, Zolozolo: Ine anyamata anga ndi awiri, amasinthana. Wina akakhala pa makina, mnzake amakhala panja pa sikelo ndi kulandira ndalama. Onaninso malamba ndi mabawuti, akakhwepa chigayo chimasokosa kwambiri.

Mwini chigayo, Chibavi: Zikomo nonse. Mawa apumule, Lolemba ndipita naye kuchipatala. Achimwene a ku Luwinga, zotsekerazo mumagula shopu iti m'tauni muno?