Ulendo wa ku Antarctica: mwezi uti komanso sitima iti kuti tione nyama bwino?

Chembere wa Mbalame: Akuluakulu, ndithandizeni. Tikukonza ulendo wa pasitima wonyamukira ku Ushuaia ku Argentina. Ine mtima uli pa mapengwini, bambo a kunyumba akufuna anamgumi. Tipite mwezi uti? Nanga sitima yaikulu yotsika mtengo ili ndi vuto?

Mlondamadzi: Mayi, yambani ndi sitimayo, chifukwa ambiri amagwa pamenepo. Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo ku Antarctica, salola sitima yonyamula anthu oposa 500 kutsitsa anthu kumtunda, ndiye nyamazo mudzangozionera patali. Ndipo pamalo amodzi sipatsika anthu oposa 100 nthawi imodzi. Mukakwera ya anthu 400, mumatsika mosinthana ndipo nthawi yambiri imathera pa kudikira. Ya anthu 200 kapena kucheperapo ndiye yabwino.

Nyengo yake ndi Novembala mpaka Malichi. Mu Novembala mapengwini a gentoo, chinstrap ndi Adélie amakhala akumanga zisa za timiyala, n'kumaberana timiyalato. Mazira amaswa kumapeto kwa Disembala mpaka Januwale. Anamgumi a humpback amachuluka mu Febuluwale ndi Malichi atakhuta tizilombo ta krill, koma apo zisa zambiri zatha, paliponse matope ndi zitosi. Kuti nonse awiri musangalale, sankhani kumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale.

Nkhwazi ya Kumwera: Ndionjezepo, mayi. Ngati mukufuna mapengwini a king aja a khosi lachikasu, ku Antarctic Peninsula, chigawo cha Antarctica kumene sitima zambiri zochokera ku Ushuaia zimapita, kulibe timagulu tawo. Pamafunika ulendo wodzera ku South Georgia, malo ngati St Andrews Bay ndi Salisbury Plain, ndipo umatenga pafupifupi masabata atatu m'malo mwa masiku 10 kapena 11.

Kumtunda musayandikire pengwini kupitirira mamita 5, ndipo musaime m'tinjira tawo ta pachipale, chifukwa kholo likatsekerezedwa mwana amagona ndi njala. Chifukwa cha chimfine cha mbalame, chomwe chidafika ku South Georgia mu Okutobala 2023, saloleza kukhala pansi, kugwada kapena kuika chikwama pansi. Magambuti amatsukidwa ndi mankhwala popita ndi pobwera. Fufuzaninso m'matumba a jekete ndi pa zomatira za velcro, kuti njere za udzu zisapite nanu.

Kamera M'manja: Mankhwala a nseru imwani sitima ikadali mu Beagle Channel, mpata wa madzi wotulukira ku Ushuaia. Mafunde a Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, akayamba, masiku awiri athunthu, mapilisi sakhalanso m'mimba. Ndipo mukagona m'chipinda mwaphonya ma albatross otsatira sitima, mbalame zazikulu za panyanja, zina mapiko ake opitirira mamita atatu. Imani kumbuyo kwa sitima, ndiko amaonekera pafupi.

Bainokyula tengani ya 8x42. Ya mphamvu zoposa apo imanjenjemera sitima ikamagwedezeka. Mabatire amatha msanga pozizira, choncho apadera muwaike m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Pobwerera m'sitima, tsekerani kamera m'pulasitiki mukadali panja, ikhale momwemo ola limodzi. Mukapanda kutero galasi limachita nkhungu mkati. M'boti laling'ono la Zodiac lopitira kumtunda, madzi a mchere amawaza kwambiri kutsogolo, ndiye kamera izikhala m'chikwama chosalowa madzi mpaka woyendetsa atachepetsa liwiro.