Kaundula wa kalabu yathu wasokonekera, kodi relational database n'chiyani?

Mlembi_Bembeke

Moni nonse. Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke, tilipo 64. Chaka chatha mphwanga anandipatsa laputopu yakale, ndiye zonse za m'buku lachikuto cholimba lija ndinazisamutsira mu Excel. Ndi pepala limodzi lalitali: dzina, mudzi, foni, matumba a feteleza amene munthu watenga pa ngongole, ndalama imene wabweza, tsiku. Munthu akabwera kudzabweza ndimayamba mzere watsopano, dzina, mudzi ndi foni n'kulembanso.

Mwezi wathawu ndachita manyazi. Tili ndi amayi awiri a dzina limodzi, mfundanso umodzi, wina wa kumtunda wina wa kutsidya kwa dambo. K30,000 imene anabweza a kumtunda ndinailemba kwa anzawo. Pa msonkhano mayi aja anaimirira risiti ili m'manja, ine thukuta kamukamu, chonsecho kunja kuli chisanu cha Juni. Nditafufuza ndinapezanso bambo wina amene dzina lake ndalilemba mitundu itatu, pena ndi l pena ndi r, moti kompyuta ikuwerenga anthu atatu.

Mphwangayo pa foni anangoti "malume, mukufunika relational database," mayunitsi n'kutha. Odziwa tandimasulireni.

Aphunzitsi_Lizulu

Pepani a mlembi. Vuto lanu ndi loti zinthu zitatu zosiyana mwaziphika mumphika umodzi: anthu, ngongole ndi zobweza. Mu relational database chilichonse chimakhala ndi tebulo lakelake.

Tebulo loyamba ndi la mamembala. Munthu mmodzi, mzere umodzi, basi, ndipo dzina, mudzi ndi foni yake zimalembedwa kamodzi kokha. Kolamu yoyamba ikhale nambala imene palibe wina ali nayo. Imeneyo ndiye primary key. Dzina silingagwire ntchitoyi, mwaona kale chifukwa chake. Foninso ayi, poti anthu amasintha simu, ena amabwerekana ndi amuna awo.

Tebulo lachiwiri ndi la ngongole: nambala ya ngongoleyo, matumba angati, tsiku, ndi nambala ya membala amene watenga. Dzina musalembemo. Nambala ya membala ikapezeka mu tebulo lina chonchi, ikuloza kwawo kumene yachokera, imatchedwa foreign key. Lachitatu ndi la zobweza, ndipo mzere uliwonse umaloza nambala ya ngongole imene ikubwezedwa.

Tinene kuti mayi a kumtunda ndi 17, a kutsidya ndi 41. Akabwera 17 ndi K30,000, mumalemba pa ngongole ya 17. Akasintha foni mumakonza malo amodzi, osati mizere khumi ndi inayi. Kugawa matebulo kuti chinthu chimodzi chisalembedwe kawiri amakutcha normalization. Ana anga a Fomu 4 amaopa mawuwo, koma nkhani yake ndi yomweyi.

Wageni_Tsangano

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ine ndikuti musathamange achimwene. Anthu 64 si banki. Ine ndimagula mbatatesi kwa alimi ambiri kuposa pamenepo ndipo Excel yomweyo imandikwanira. Apatseni manambala, tsegulani mapepala atatu m'fayilo yomweyo, mwathana nazo. Chimene chingakulizeni ndi laputopu yakaleyo ikadzafa. Sungani kope pa fulashi, buku lija musalitaye.

Mtsikana_wa_ma_code

Zikomo akuluakulu, ndiikepo mlomo pang'ono. Za fulashi ndi zoona, koma pali chimene Excel sichita payokha: kukana. Mukalemba kuti membala 71 wabweza ndalama pamene mamembala akuthera pa 64, Excel imangolandira mwaulemu. Database imakana, chifukwa foreign key iyenera kuloza munthu amene alipodi. Imakananso mukapatsa anthu awiri nambala imodzi, kapena mukafuna kufufuta membala amene ngongole yake idakalipo, ngati mwaiuza kuti izikana zimenezo. Kwa mlembi amene akulemba madzulo atatopa ndi kupalira, kukanidwa kumeneku ndi chithandizo.

Chinanso ndi transaction. Tinene kuti mukukonza cholakwa chija: kuchotsa K30,000 kwa 41 n'kuiika kwa 17. Ndi ntchito ziwiri. Batire itathima pakati, ndalamayo ingachoke uku osafika uko. Mukazimanga mu transaction imodzi, zimachitika zonse kapena sipachitika chilichonse.

Pofunsa mafunso timagwiritsa ntchito chinenero chotchedwa SQL. Mwachitsanzo:

SELECT dzina, foni FROM mamembala WHERE mudzi = 'Kumtunda';

Imeneyi ikubweretserani mayina ndi mafoni a anthu a mudzi umenewo okha. Mukafuna kuona dzina pambali pa ngongole yake, pali mawu oti JOIN, amene amalumikiza matebulo awiri potsata manambala aja. Ndiye musadandaule kuti pa msonkhano muzikaitana anthu ndi manambala ngati akaidi, mayina amabwerera pa lipoti.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Anailemba ndi Edgar F. Codd, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM ku California, mu 1970, ndipo SQL inabadwira ku IBM komweko zaka zochepa pambuyo pake. Ambiri timaganiza kuti "relational" akunena za ubale wa matebulo, koma kwa Codd relation ndi tebulo lenilenilo, mawu ochokera ku masamu. Ine ndinakhoza mayeso ndisakudziwa zimenezi.

Pulogalamu yoyambira, bambo, ndingati LibreOffice Base, poti ndi yaulere ndipo siyifuna intaneti mukangoiika. Microsoft Access ndi yofanana nayo koma ndi yogula. MySQL ndi PostgreSQL zisiyeni kaye, ndi za ntchito zazikulu. Ndipo ngati foni yanu ndi ya Android, muli kale ndi ina m'thumba, SQLite, imene mapulogalamu ambiri amasungiramo zinthu zawo.

Mlembi_Bembeke

Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndinadula katoni ya sopo n'kupanga timakadi 64, aliyense nambala yake. Mayi a kumtunda ndawapatsadi 17, anaseka n'kukamanga pa nsonga ya chitenje. A ku Tsangano musadandaule, buku lilipo, lili pansi pa matiresi.

Koma ndakumana ndi china. Pali anthu amene amatenga thumba limodzi awiri n'kugawana ndi ndowa, ngongole imodzi eni ake awiri. Mu tebulo la ngongole muli malo a nambala imodzi yokha ya membala. Ndilembe 23/52?

Aphunzitsi_Lizulu

Ayi a mlembi, kabokosi kamodzi nambala imodzi. Chotsani nambala ya membala mu tebulo la ngongole, mutsegule lachinayi la makolamu atatu: nambala ya ngongole, nambala ya membala, gawo lake. Thumba logawanalo likhala ndi mizere iwiri, 23 theka, 52 theka. Mu tebulo la zobweza muonjezeremonso nambala ya wobwezayo, apo ayi 23 adzalipira n'kuyamikiridwa 52.