Thandizeni: khungu la munthu wanga wa anime likutuwa ndikamapenta pa foni

Akuluakulu ndi anzanga a pa gulu lino, moni nonse. Ndili ku Kasungu pa boma. Ndimajambula anthu a anime, aja a maso akuluakulu, koma ndimafuna azioneka akwathu: khungu lakuda, tsitsi loluka, chitenje m'chiuno. Panopa ndili pa chithunzi cha mtsikana wogulitsa zitumbuwa pa depoti, phiri la Kasungu likuonekera kumbuyo kwake. Ndimayamba ndi pensulo papepala, n'kudutsamo ndi bolopeni yakuda, kenako kujambula ndi kamera n'kulowetsa mu ibisPaint X, pulogalamu yojambulira ya pa foni. Kompyuta ndilibe, ndimapenta ndi chala.

Vuto lalikulu ndi khungu. Utoto woyamba umaoneka bwinobwino, koma ndikangoika mthunzi ndi kuwala, nkhope imatuwa mbuu ngati mwana wosamba osadzola mafuta mwezi wa Juni. Mavidiyo ophunzitsa amene ndimapeza amapenta anthu a khungu loyera okhaokha, ndipo ndikatsatira zomwezo zimakanika. Chinanso, Bucket (chida chothirira utoto) imasiya kamzere koyera m'mphepete mwa mizere yanga. Ndikufuna kudzachisindikiza pa A4. Amene mumadziwa, ndiunikireni.

Wa ku Santhe: Achemwali, tiyambe ndi funso. Kuwala kwa pachipumi ndi m'masaya mumaika ndi utoto wanji, ndi burashi iti?

Wofunsa: Woyera achimwene, ndi Airbrush. Mthunzi ndimaika wakuda, ndikuchepetsa opacity kuti za pansi pake zizionekerabe.

Wa ku Santhe: Ndiye gwero lake ndi limenelo. Utoto woyera ukamwazika pa bulauni umamwa kufiira konse kwa khungu, chotsala ndi kutuwa kumene mukunenako. Pa munthu wa khungu loyera siziwoneka msanga, koma pa lathuli zimaonekera patali. Tayang'anitsitsani nkhope ya munthu amene waima padzuwa cha m'ma 4 koloko madzulo: pamene pakuwala pamakhala pofiirira, pena ngati olenji, si poyera. Tsegulani leya yatsopano (ili ngati pepala loonekera losanjikiza) pamwamba pa khungu, dinani Clipping kuti utoto usatuluke kunja kwa khungulo, kasakanizidwe ka leyayo mukaike pa Overlay kapena Add, mupake olenji wofatsa pachipumi, pamphuno ndi pamwamba pa masaya. Woyera weniweni musunge pa kadontho ka m'diso ndi pamlomo wam'munsi basi.

Mthunzi nawo, wakuda musiyeni. Leya ina, Clipping, Multiply, utoto wake ukhale pakati pa wofiira ndi pepo, wosada kwambiri. Ndipo Airbrush muipumitse kaye. Anime imadziwika ndi mthunzi wa m'mphepete mwakuthwa: pansi pa chibwano, pansi pa tsitsi, mbali imodzi ya khosi. Sankhani kumene dzuwa likuchokera musanapake chilichonse, mithunzi yonse igwere mbali imodzi. Pa khungu lakuda, chimene chimaumba nkhope kwambiri ndi kuwala, mthunzi umangothandizira.

Wina: Zonsezi n'kutaya nthawi. Gulani laputopu ndi pulogalamu ya Clip Studio Paint, pa foni simungapite patali.

Mayi wophunzitsa ku Mtunthama: Bambo inu, mwanayu wafunsa za khungu, sanafunse za sitolo. Clip Studio Paint ndi yolipira, ndipo woyera womwewo akaupaka mmenemo atuwitsabe nkhope. Akadzapeza kompyuta, pulogalamu ya Krita ndi yaulere. Mwanangu, ine ndikuyankhe za kamzere koyera. Ukamalowetsa chithunzi, ibisPaint imafunsa za Extract Line Drawing. Vomera, usunthe timizere take mpaka pepala lichoke, itsale inki yokha. Leya ya mizere ikhale pamwamba pa zonse, utoto pansi pake, khungu leya yake, tsitsi yake, chitenje yake. Mu zosankha za Bucket kweza Expansion pang'ono kuti utoto ulowe pansi pa mzere, uyatsenso Gap Recognition, poti bolopeni imasiya timipata tosaoneka ndi maso ndipo utoto umathawira pamenepo. Ndi mmene ankachitira ojambula a ku Japan kale kompyuta zisanabwere: mizere kutsogolo kwa pulasitiki yoonekera, utoto kuseri kwake.

Pepalalo ulijambule panja pamthunzi, masana, foni ili chagada molunjika pamwamba pake. Ukajambula usiku ndi babu, mbali imodzi imada ndipo mizere imatuluka yodukaduka.

Wofunsa: Zikomo amayi. Nanga ndikapaka khungu lakuda ndithu, mphuno ndi pakamwa zimasowa, mizere imamira.

Wa ku Santhe: Musayambe ndi utoto wakuda kwambiri. Yambani ndi bulauni wapakati wopendekera ku kufiira, mthunzi ndi umene udzafikitse khungu pamene mukufuna. Pofuna kuyesa, ikani leya yodzaza ndi wakuda pamwamba pa zonse, muisinthe kukhala Color. Chithunzi chonse chisanduka chopanda mitundu, ndipo muona nokha ngati nkhope, tsitsi ndi mizere zikusiyana. Ngati zaphatikana, walitsani khungu pang'ono. Mukatha muizimitse leyayo.

Wa ku Mchinji: Palibe wanena za chitenje, koma ndikudziwa chikudikira kutsogoloku. Maluwa ake musawajambule molunjika pathupi. Apangeni pa leya yawo, Clipping pa nsalu, kenako muwapinde ndi Mesh Form mu Transform kuti atsate chiuno ndi pamene wamangira. Mithunzi ya makwinya ibwere pamwamba pa maluwawo. Mitundu itatu ikukwana, ikachuluka maso amathawa nkhope n'kukakhala pa nsalu.

Wofunsa: Ndayesa olenji pa Overlay pompano, tsaya layamba kuoneka la munthu wamoyo. Koma kanvasi yanga, malo amene ndikupentapo, ndi mapikiselo 1000 x 1400. Ikwana A4?

Wosindikiza makadi a ukwati: Ayi achemwali, ituluka yosweka. A4 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) imafuna 2480 x 3508, ndipo kukulitsa chithunzi chaching'ono sikubweza zimene mulibe. Lowetsaninso pepala lija pa kanvasi yaikulu. Dziwani kuti kanvasi ikakula, maleya amene foni ingakwanitse amachepa, ndiye amene mwamaliza muziwaphatikiza. Popenta zimitsani Eye comfort kapena Night light, imapangitsa sikirini kukhala yachikasu n'kukunamizani mitundu. Papepala chithunzi chimada kuposa pa foni chifukwa pepala siliwala lokha, ndipo khungu labulauni ndi limene limayamba kumira. Sungani ngati PNG, potumiza pa WhatsApp musankhe Document kuti isafinyidwe. Mukafika kosindikiza, apempheni ayambe atulutsa nkhope yokha pa pepala wamba, muione kaye musanalipire pepala lonyezimira.